Funsani Mlangizi wa Ziweto: Galu wanga wokalamba wasintha m'kamwa

Mwezi uno mafunso ochokera ku Kasungu ndi ku Mchinji akumana pa nkhani imodzi, ya agalu okalamba amene milomo ndi m'kamwa mwawo mwayamba kuoneka zachilendo. Ndasankhapo anayi. Monga mwa masiku onse, mayina a eni makalata ndawasunga.

FUNSO: Alangizi, ndili ndi galu wamphongo wa zaka 11. Ndiye wakhala akundilondera chigafa cha fodya chaka ndi chaka. Mu Epulo tikumanga mabelo ndinaona kanthu kakuda kotukuka pa nkhama, mkati mwa mlomo wakumanzere. Kanali ngati nyemba, koma pano kafika pa dzira la nkhunda. Akamadya, m'mbale mumatsala timagazi, ndipo m'kamwa mukununkha moti ana ayamba kumuthawa. Amatafunira mbali imodzi. Anzanga ena akuti ndikamange ndi ulusi kuti kafote, ena akuti ndipakepo oilo wakuda wa m'galimoto, enanso akuti anadyetsedwa ndi anthu ofuna kudzaba. Amayi a kunyumba akuti ndi ukalamba basi. Nditani?
Mlimi wa fodya, Santhe, Kasungu

YANKHO: Bambo, zikomo kuti mwafotokoza mwatsatanetsatane. Ndiyambe ndi malangizo a anzanuwo, chifukwa ndikuopa kuti mungawatsatire magaziniyi isanakupezeni.

Ulusi ayi. Chotupa cha pa nkhama mizu yake imakhala mkati mwa mnofu, nthawi zina mpaka m'fupa la nsagwada. Mukachimanga, pamwamba pokha ndi pamene pamaola, ntchentche nkubwera kudzaikira mazira, ndipo pakapita masiku ochepa mumapeza mphutsi zili nyakanyaka pomwe chotupacho chikukulabe pansi. Oilo wakuda ndiye woipiratu, poti chilichonse chimene mwapaka m'kamwa galu amameza. Za kudyetsedwazo, chotsani nkhawa. Chiphe kawirikawiri chimagwira galu m'maola ochepa: amasanza, kunjenjemera, kutuluka thovu, kugwa. Sichimeretsa chotupa chomakula kwa miyezi.

Amayi a kunyumba akunena zoona mbali imodzi, kuti zotupa zotere zimakonda agalu achikulire. Koma ukalamba pawokha sutulutsa magazi m'mbale. Mawu akuti "wakalamba basi" ndawamva kambirimbiri pa ntchito yangayi, ndipo ndi amene amachedwetsa anthu kufikira pamene sitingathenso kuchitapo kanthu.

Ndikuuzeni mosabisa. Zinthu zinayi zimene mwatchula, kutukuka, kukula msanga, kukha magazi ndi fungo, zikapezeka pamodzi mwa galu wa zaka 11, choyamba kuchiganizira ndi khansa. Pa khansa zonse za m'kamwa mwa agalu, yofala kwambiri ndi imene madokotala amaitcha melanoma. Imayambira m'timagawo ta thupi timene timapanga mtundu wakuda wa khungu, nchifukwa chake kawirikawiri imaoneka yakuda, ngakhale zina zimamera zofiirira zopanda kuda n'komwe. Pali khansa zinanso ziwiri zimene zimatsatira, ina imakumba chilonda chosapola pa nkhama kapena pa lilime, ina imalimba ndi kutupitsa nsagwada. Melanoma kuipa kwake ndi kuyenda. Imathamangira ku mwanabere wa pansi pa chibwano, kenaka m'mapapo. Madzulo ano galuyo akagona, mupapase pansi pa nsagwada cha kufupi ndi khosi, mbali zonse ziwiri. Ngati kumanzere kuli kampira kolimba koposa kumanja, mukanene zimenezo kwa dokotala.

Madokotala amayeza zotupazi ndi masentimita. Chikachotsedwa chisanakwane masentimita 2, galu amakhala ndi mwayi wabwinopo wokhala nthawi yaitali. Chikadutsa masentimita 4, mwayiwo umachepa kwambiri. Dzira la nkhunda mwanenalo lapitirira kale pa 2. Nchifukwa chake ndikuti sabata ino, osati mukalandira ndalama zomaliza za fodya.

Sikuti chotupa chilichonse cha m'kamwa ndi imfa. Pali china chotchedwa epulis, chimamera pafupi ndi dzino, cholimba, mtundu wake wofanana ndi nkhama, ndipo chimakula mwa apo ndi apo kwa zaka osafalikira kwina. Chimenecho akachidula, kawirikawiri nkhani yatha. Palinso chotupa chopatsirana chimene chili ponseponse m'midzi mwathu muno momwe agalu amayenda momasuka. Agalu amapatsirana pokwerana, ndipo malo ake enieni ndi kumaliseche, koma chifukwa cha kununkhizana ndi kunyambitana chimatha kumera pamphuno ndi m'kamwa. Chimakhala chofiira psuu, chofewa, chongokhudza pang'ono magazi atuluka. Ichi ndimakondwa ndikachipeza, chifukwa chimamva mankhwala: jekeseni wa vincristine kamodzi pa sabata, kawirikawiri kanayi kufikira kasanu ndi kamodzi, ndipo agalu ambiri amachiriratu. Muyang'ane ngati galu wanu amadontha magazi kumaliseche pamalo amene wagona. Kusiyanitsa zonsezi ndi maso okha palibe angathe, ngakhale dokotala wodziwa chotani. Amadula kachidutswa kapena kukoka timadzi ndi singano nkukayang'ana pa makina okuza zinthu.

Poyambira ndi kwa alangizi a ziweto pa ofesi ya zaulimi ya Santhe EPA. Iwo adzaona, ndipo ngati nkofunika adzakulumikizani ndi ofesi ya zaziweto pa boma. Opaleshoni ya m'kamwa imafuna kugoneka galu ndi mankhwala, choncho mwina mudzafunika kupita ku Lilongwe, kaya ku chipatala cha LSPCA, bungwe losamalira nyama, kaya kwa madokotala ena a ziweto a mumzindamo. Kwa inu a ku Santhe, msewu wa Kasiya ndiye wachidule. Musanawononge ndalama ya thiransipoti, jambulani chotupacho pa foni masana kuli kuwala, mutaika ndalama yachitsulo pambali pake kuti kukula kwake kuoneke, mutumize pa WhatsApp, ndipo mufunsiretu mtengo.

Ndikudziwa kuti mwina ndalamayo siipezeka, kapena dokotala adzanena kuti matenda afalikira kale. Ngakhale zitatero, ntchito yanu siinathe. Mafupa ndi zolimba zonse muleke kumupatsa. Muzimuphikira phala la mgaiwa lothira usipa wosinja kapena dzira, lizizire kaye, ndipo adye pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Akatha kudya, mumupukute milomo ndi kansalu koviika m'madzi ofunda othira kamchere pang'ono, kuti ntchentche zisamuzinge. Mankhwala ochepetsa ululu mupemphe kwa a zaziweto, musatenge a anthu. Ndipo tsiku likadzafika loti akufuna kudya koma akulephera, akungoyang'ana mbale malovu a magazi ali chuchuchu, mudzapemphe a zaziweto adzamubaye jekeseni womugoneka mpaka kalekale. Amangogona tulo, samva kuwawa. Kukamutaya kutchire, kumupachika kapena kumuthirira mankhwala a makoswe, chonde Bambo, galu amene wakugonerani pa chigafa zaka 11 asafe choncho.

Kwa owerenga ena nonse amene agalu anu adutsa zaka 7, tengani chizolowezi ichi. Kamodzi pa sabata, galu atakhuta ndipo wagona phee, kwezani mlomo wake wam'mwamba ndi chala, mbali iyi kenaka inayo. Simufunika kumukanula pakamwa. Muone nkhama, muone mano, mununkhize. Achite zimenezi ndi munthu wamkulu amene galuyo amamudziwa, osati ana, ndipo akhale galu wobayitsa katemera amene ali bwinobwino monga mwa masiku onse. Funso lotsatirali likuonetsa chifukwa chake ndanena choncho.

FUNSO: Alangizi, galu wa agogo anga aamuna ndi wokalamba, kale ankapita naye kosaka. Kuyambira dzana pakamwa pake pangoti yasa, sakutseka, dovu likungotsika. Akafika pa madzi amangoviika mlomo osameza. Akauwa mawu ake ndi osasa, si aja timawadziwa. Sakulusa, akungobisala kuseri kwa nkhokwe. Agogo akuti fupa lamutsamwa ndipo akufuna apise dzanja alichotse. Mwezi wathawu analimbana ndi nkhandwe usiku. Katemera anasiya kubayitsa kalekale poti agogo amati wakula, sayendanso kutali.
Mnyamata wa sukulu, Chulu, Kasungu

YANKHO: Funso ili linabwera pa foni ndipo ndinaliyankha tsiku lomwelo, poti silikanadikira kusindikiza. Ndaliika pano kuti aliyense amve.

Mwanawe, thamanga ukawagwire dzanja agogo. Asapise. Wina aliyense asapise.

Anthu ambiri chiwewe amachidziwa cha galu wolusa, wothamanga mudzi wonse, woluma chilichonse. Koma pali mtundu wina umene galu salusa konse. Minofu ya nsagwada ndi ya kukhosi imafa, chibwano chimalendewera, amalephera kumeza ngakhale malovu ake omwe, mawu amasintha, ndipo amafuna kobisala. Aliyense womuona amati watsamwidwa ndi fupa, ndipo anthu atengapo matendawa pofuna kuthandiza galu wawo. Kachirombo ka chiwewe kamakhala m'malovu. Dzanja la mlimi silisowa ming'alu, timabala ta khasu, kapena pamene minga inabaya, ndipo pamenepo mpokwanira kuti kalowe, ngakhale galuyo asalume. Nkhandwe ija ndiyo ikundiopsa kwambiri, makamaka kwanuko kufupi ndi nkhalango ya Kasungu National Park. Galu akalumidwa ndi nyama yodwala, pamatha milungu ingapo, nthawi zina miyezi, zizindikiro zisanaoneke.

Galuyo atsekeredwe pamene alipo popanda kumugwira, ana ndi ziweto atalikire, ndipo alangizi a ziweto a pa Chulu EPA adziwitsidwe lero. Kenaka ufunse m'nyumba monse: ndani walumidwa, wakandidwa, kapena wanyambitidwa pa bala masiku apitawa? Ndani malovu amugwera m'maso kapena pakamwa? Ameneyo atsuke malowo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu, osati kungotsukuluza, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo akanene kuti akuganizira chiwewe. Katemera wa anthu amabaya kangapo pa masiku osiyana, ndipo onse ayenera kumalizidwa. Kudikira kuti tione ngati adwale ndi kumene kumapha, chifukwa munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro, mankhwala ochiza palibe.

Galu wachiwewe akayamba kuonetsa zizindikiro sapitirira masiku 10. Akafa musamuphwanye mutu, musamutaye kudambo, ndipo musamugwire ndi manja. A zaziweto amafuna ubongo wake kuti ukayezedwe ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndipo zotsatira zake zimathandiza mudzi wonse.

Kodi silingakhale fupa ndithu? Lingathe. Fupa kapena kamtengo kamatha kupingasa kumwamba kwa m'kamwa pakati pa mano akumbuyo. Koma galu wotero amakhala wamphamvu, amadzikanda pakamwa ndi miyendo yakutsogolo mosalekeza, ndipo mawu ake sasintha. Nsagwada yothyoka nayonso imalendewera. Komabe woyang'ana akhale wa zaziweto, amene ali ndi magolovesi ndi mankhwala ogonetsa.

Uwauze agogo mwaulemu kuti katemera wa chiwewe alibe msinkhu wopumira. Galu wokalamba wongokhala pakhonde, nyama yodwala imamupeza pomwepo. Chaka chilichonse abayidwe. Pa 28 Seputembala dziko lonse limakumbukira za matendawa, ndipo a zaziweto akalengeza za katemera m'dera lanu, nkhalamba zomwe muzipita nazo.

FUNSO: Alangizi, galu wanga wamkazi ali ndi zaka 9. Milomo yake inali yakuda bii, koma chaka chino m'mphepete mwake mwayamba kutuwa mawangamawanga, pomwe pa nkhama pabwera timadontho takuda timene panalibe. Akudya bwino, akusewera ndi ana. Apongozi anga akuti ndi khate ndipo apatsira adzukulu. Kodi ndi zoona?
Mayi wa ana anayi, Mkanda, Mchinji

YANKHO: Mayi, khazikani mtima pansi, ndipo apongozi muwauze kuti si khate. Ana sangatengepo kanthu. Monga imvi zimamera pamphuno pa galu akamakula, khungu la milomo ndi nkhama nalonso limasintha, pena kuda, pena kutuwa.

Chofunika si mtundu wa dontholo ayi, koma ngati lili lathyathyathya kapena lotukuka. Kulungani kansalu koyera ku chala mudutsitse pamwamba pake. Ngati chala sichikumva kusiyana ndi malo ena, palibe chilonda, palibe nkhanambo, galu sakudzikanda, musiyeni. Muzingojambula pa foni kamodzi pa mwezi kuti muzifananiza, chifukwa maso a munthu woona galu tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha kwapang'onopang'ono. Mupite kwa a zaziweto dontho likatukuka kapena likayamba kukula msanga. Mupitenso malo otuwawo akafiira, kutupa, kuchita nkhanambo kapena zilonda, kapena mphuno ikataya timizere take nkusalala. Zimenezo zimatha kukhala tizirombo ta m'makwinya a milomo, matenda amene chitetezo cha thupi chimaukira khungu lake lomwe, kapena mtundu wina wa khansa ya pakhungu umene umagwira agalu okalamba.

Mtundu umene ine ndimauopa ndi wa nkhama zonse. Galu wathanzi nkhama zake zimakhala zofiirira ndi zonyowa. Mukadina ndi chala pamayera, ndipo mukachotsa, kufiira kumabwerera masekondi 2 asanathe. Nkhama zikatuwa mbuu ndiye kuti magazi achepa, ndipo kwathu kuno olakwa kawirikawiri ndi matenda a nkhupakupa ndi njoka za m'mimba. Kwa amene muli m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu, onjezanipo kashembe: galu wolumidwa naye amatha kutuwa nkhama, kutupa nkhope, maso nkuchita ng'ala. Nkhama zikakhala zachikasu, chiwindi chavuta kapena magazi akuphwanyika. Zonsezi ndi zopita nazo kwa a zaziweto tsiku lomwelo. Ngati galu wanu anabadwa ndi nkhama zakuda, tsitsani chikope cham'munsi muone mkati mwake, mtundu wake umanena zomwezo.

FUNSO: Alangizi, kagalu kathu kaubweya tinakagula ku Lilongwe, pano kali ndi zaka 10. Mano ake amata zinthu zabulawuni zolimba, ndipo lina likugwedera. Pansi pa diso lakumanja pamatupa, kuphulika mafinya, kupola, kenaka kutupanso. Ndakhala ndikukapatsa Brufen ndi makapisozi amene anatsala mwana atadwala. Pamaphwa koma pamabwereranso. Kodi ndi diso likudwala?
Mphunzitsi, Kamwendo, Mchinji

YANKHO: Aphunzitsi, Brufen muleke lero. Ndibwereranso pamenepa.

Diso lilibe mlandu, vuto ndi dzino. Galu wamkulu ali ndi mano 42, ndipo kumwamba cha kumbuyo kuli dzino lalikulu lophwanyira mafupa lokhala ndi mizu itatu. Mizuyo imathera pansi penipeni pa diso. Dzinolo likang'aluka kapena nkhama zikaola mozungulira, mafinya amasonkhana ku muzu, ndipo njira yawo yachidule yotulukira ndi pa tsaya. Makapisozi amachepetsa tizirombo kwa kanthawi, nchifukwa chake pamaphwa, koma gwero lake likadali m'nsagwada. Mankhwala ake enieni ndi kuzula dzinolo galu atagonekedwa. Pulayazi ya pakhomo musayese ngakhale pa dzino logwederalo. Muzu ukathyokera mkati ululu umaposa poyamba, ndipo tiagalu tating'ono tokalamba nsagwada zake zimakhala zitadyeka, zimathyoka mosavuta.

Zabulawuni zolimbazo zimayamba ngati utoto wofewa wa zakudya ndi tizirombo, kenaka zimauma nkukankha nkhama mpaka mizu kuonekera. Tiagalu tating'ono taubweya timavutika nazo kuposa agalu athu a m'mudzi, chifukwa mano ake ndi othithikana. Zikauma sizichoka ndi nsalu, amapala ndi dokotala. Akakapala, muzikapukuta mano ndi kansalu konyowa tsiku ndi tsiku, kunja kokha kukwanira. Colgate ayi, poti galu sadziwa kulavula.

Tsopano za Brufen. Mankhwalawa mwa galu amakumba zilonda m'mimba ndi kuwononga impso, ndipo kagalu kakang'ono piritsi limodzi la munthu wamkulu likhoza kukavulaza. Panado nayenso musapereke popanda muyezo wa dokotala wa ziweto, ndipo kwa mphaka ndiye imfa yeniyeni. Muyang'ane chimbudzi chake. Chikakhala chakuda bii chonanda, kapena kakamasanza, ndiye kuti m'mimba mukukha magazi, musadikire. Muonenso ngati kakumwa madzi ambiri kuposa kale, kukodza pafupipafupi, kuwonda, m'kamwa kumveka fungo la mkodzo, kapena m'mphepete mwa lilime kuoneka tizilonda. Zimenezo ndi zizindikiro za impso zotopa, ndipo agalu okalamba ambiri amene eni ake amati akungonunkha mano amakhala akudwala impso. Dokotala mukamuuze zonse, dzina la mankhwala, kuchuluka kwake ndi masiku amene mwakhala mukupereka, kuti ayeze magazi asanakagoneke. Musachite manyazi kunena, mumafuna kukathandiza.

Eni agalu ambiri amaopa kuti akazula mano galu adzafa ndi njala. Zimene ndimaona ine ndi zosiyana: pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, galu amene ankangonunkhiza mbale nkuchoka amayamba kudya mpaka kunyambita, chifukwa chimene chinkamuletsa ndi ululu, osati kusowa mano. Masiku oyambawo muzikapatsa mkute wofewetsa ndi madzi ofunda, wothira usipa wosinja, dzira lophika kapena maungu. Msuzi wotsala wa pa tebulo ukhale wopanda anyezi ndi adyo, poti zimenezi zimaphwanya magazi a galu, ndipo mafupa ophika a nkhuku musakapatsenso.